Khungu, Nkhungu ndi Chiphamaso: Mawu a Kusaona ndi Kubisa ku Lundazi

Pamsika wa pa boma la Lundazi munthu amatha kumva zilankhulo zinayi asanamalize kugula mulu umodzi wa tomato. Mayi wogulitsa akuitanira malonda m'Chitumbuka, wogula akunenerera m'Chichewa, kondakitala wa basi ya ku Lusaka akukuwa Chinyanja cha m'tauni chothira Chibemba, ndipo mwana wa sukulu amene waima pambali wapanira buku la Chingerezi m'khwapa. Pakadutsa bambo wosaona akufufuza njira ndi ndodo, anthu anayiwa aliyense amamutchula ndi liwu lakelake. Mawu amenewa, pamodzi ndi anzake onena za kubisa, kuphimba ndi kuzimbaitsa, ali ndi zambiri zimene amaulula.

Kodi munthu wosaona amatchedwa chiyani ku Lundazi?

Zimatengera mudzi umene wafunsa. Kwa Mfumu Yaikulu Mwase, kumene kuli Achewa ambiri, adzati ndi wakhungu. Kwa Mfumu Mphamba, kapena kwa Magodi ku Chasefu, dera limene linapatulidwa ku Lundazi mu 2018 pamodzi ndi Lumezi, Mtumbuka adzati wachibulumutira. Amene anakhalako ku Lusaka kapena ku migodi amabwerako ndi liwu loti mpofu, lomwe ndi mbale wa impofu wa Chibemba ndi kipofu wa Chiswahili.

Kusukulu nkhani imasintha. Boma la Zambia linasankha zilankhulo zisanu ndi ziwiri zoti ziziphunzitsidwa m'zigawo, ndipo Chigawo cha Kum'mawa chinalandira Chinyanja. Chitumbuka sichili pa mndandandawo. Choncho mwana wa kwa Mphamba amene kunyumba amamva wachibulumutira, m'kalasi amawerenga wakhungu, ndipo akafika makalasi apamwamba amakumana ndi blind. Mwanayo amakula ndi mawu atatu a chinthu chimodzi, koma mawuwo salemera mofanana, ndipo lililonse limabwera ndi katundu wake.

Nanga bwanji liwu lomweli la khungu limatanthauzanso chikopa cha munthu?

Papepala ndi liwu limodzi, koma pakamwa ndi awiri. Chichewa chimasiyanitsa mawu ena pokweza kapena kutsitsa liwu, monga mmene mtengo wa m'nkhalango umasiyanirana ndi mtengo wa sopo kugolosale. Khungu la pathupi ndi khungu la m'maso n'chimodzimodzi: mwini chilankhulo sasokoneza pomva, koma kalembedwe kathu sikaika zizindikiro za kamvekedwe. Wolemba chikwangwani cha kuchipatala amayenera kusamala. Akalemba kuti matenda a khungu, wina aganiza za mphere, wina aganiza za maso. N'chifukwa chake anthu anazolowera kuwonjezera kachilembo kamodzi n'kunena kuti matenda a pakhungu.

Pafupi pomwepo pali nkhungu. M'miyezi ya June ndi July, m'mamawa, nkhungu imagona m'madambo mpaka wopita kudimba saona mnzake amene ali patsogolo pake, amangomva khasu likugunda chidebe. Chimanga chosungidwa chisanaume bwino chimachitanso nkhungu. Kunyanja ya Malawi nkhungu ndi tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi tili chigulu ngati utsi, anthu n'kumatigwira kuti apange ndiwo. Khutu la Mchewa limamva ubale pa mawu onsewa, pakuti chilichonse mwa izi chimakuta chinthu china: khungu limakuta mnofu, nkhungu imakuta dambo, khungu la m'maso limakuta dziko lonse.

Kodi pakati pa kuona ndi kusaona pali mawu ena?

Alipo ambiri, ndipo apa ndi pamene chilankhulochi chimaonetsa kuti eni ake anayang'anitsitsa. Wina amaona mwachimbuuzi, ngati akuyang'ana kudzera mu utsi wa lupsa. Wina amaona chizimezime. Wotuluka m'nyumba ya mdima masana dzuwa lili paliwombo amathobwa m'maso, ngati mmene amathobwera woyenda pansi usiku akakumana ndi nyali za lole. Kutsinzina ndi kutseka maso mwadala, kuphethira ndi kwa kamphindi. Ndiye palinso kupenya ndi kuona, amene si mawu amodzi: munthu akhoza kupenya, maso ali tong'o, koma osaona kanthu.

Liwu lofunika koposa pagululi ndi ng'ala. Mkati mwa diso muli kagalasi koyera mbee kamene kamalowetsa kuwala. Munthu akamakalamba, kapena akadwala shuga, kapena diso likavulala, kagalasiko kamayamba kuchita mtambo. Agogo amayamba ndi kulephera kulowetsa ulusi pa singano. Chaka chotsatira posankha mtedza amasiya wowola m'lichero. Kenako sazindikiranso mdzukulu mpaka atalankhula, ndipo pakati pa diso pamaoneka kadontho koyera. Pabanja amangoti ndi ukalamba, agogo achita khungu, n'kuwapatsa kamwana kowatsogolera kuchimbudzi. Kamwanako nthawi zambiri kamajomba kusukulu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ng'ala, imene imachititsa khungu anthu ochuluka kuposa matenda ena onse a maso padziko lapansi, imachotsedwa. Dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, amachotsa kagalasi kakufako n'kuikapo kena kopanga, ndipo ntchito yonse kawirikawiri siipitirira theka la ola. Mawa lake akamatula bandeji, munthu amaona. Chipatala cha Mwami pafupi ndi Chipata ndi cha Nkhoma ku Malawi n'zodziwika pa ntchito imeneyi. Banja limene likunena kuti agogo ali ndi ng'ala lili pafupi ndi thandizo kuposa limene likungoti achita khungu, chifukwa liwu loyambalo ndi dzina la matenda, pamene lachiwirilo anthu amalimva ngati chigamulo.

Azungu ng'ala amaitcha cataract, liwu lochokera ku Chigiriki limene limatanthauzanso mathithi. Ndi liwu lomwelo limene David Livingstone anagwiritsa ntchito mu 1859 potchula mathithi a mumtsinje wa Shire kuti Murchison Cataracts. Azungu akale ankaganiza kuti pali madzi amene atsikira m'diso n'kutchinga kuona.

Nanga liwu loti kubisa lili ndi abale angati?

Ndi banja lalikulu, lobadwa pa tsinde limodzi. Mayi amabisa ndalama pamfundo ya chitenje. Mwana wothawa kukapha mbalame kumunda wa mapira amabisala kuseri kwa nkhokwe. Njira ya kudimba imabisika udzu ukakula m'dzinja. Mwamuna amene wagulitsa thumba la soya osauza mkazi wake wamubisira. Achifwamba amabisalira munthu panjira, koma ana mwezi ukawala amasewera chibisalirano, wina atatsinzina pamtengo anzake akumwazikira m'makonde. Tizilembo tiwiri kapena titatu tokha timasintha liwu kuchoka pa masewera kufika pa chiwembu. Chitumbuka chimayenda njira yomweyo: kubisa n'kubisa ndithu, koma kubisala amati kubisama, ndipo chinsinsi ndi chisisi.

Pambali pa banjali pali mawu ena: kuphimba, kuvindikira, kukwirira, kumata, kuchita zinthu mwamseri kapena mwakabisira, kudzizimbaitsa kuti anthu asakuzindikire. Chosangalatsa n'chakuti ambiri mwa mawuwa ali ndi mnzake womasula, wothera ndi -ula. Chotsekedwa chimatsegulidwa, chovindikira chimavundukulidwa, chomata chimamatulidwa, chokwirira chimafukulidwa, chinsinsi chimaululidwa.

Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, anapeza liwu la mtundu womwewu la buku lomaliza la m'Baibulo: Chivumbulutso. Anagwira bwino, pakuti dzina lake la Chigiriki, limene Angerezi analitenga kukhala apocalypse, limatanthauza kuchotsa chophimba. Tsinde lomwelo la Chigiriki lili m'dzina la mtengo wa bulugamu. Bulugamu akatswiri a zomera amamutcha eucalyptus, kutanthauza chophimbidwa bwino, chifukwa duwa lake lisanamasule limavala kachipewa. Mwana akatola timaluwa tosamasula pansi pa bulugamu n'kukanikiza ndi chikhadabo, kachipewako kamachoka ngati chivindikiro cha kamphika.

Kodi kubisa kulikonse n'koipa?

Ayi, ndipo amene amaweruza miyambo ya kuno asanaimvetse amaphonya pamenepa. Pali kubisa kumene ndi ulemu. Mayi woyembekezera salengeza, ndipo anthu amangoti ali ndi pakati, kapena ndi wodwala, kapena watopa. Munthu akamwalira amati watisiya. Mkazi satchula mwamuna wake dzina pagulu: ndi aPhiri, aBanda, aNyirenda, kapena bambo a mwana woyamba. Mkamwini akaona apongozi akubwera panjira amapatukira kutchire, ndipo onse awiri amadziwa kuti aonana. Maso alibe mpanda, amatero akuluakulu, choncho anthu anamanga mipanda ya mawu ndi ya makhalidwe.

Kukuluwika ndi luso la kubisa tanthauzo m'mawu kuti wamkulu amve, mwana asatolepo kanthu. Anamkungwi amalangiza namwali m'tsimba, kutali ndi maso a anthu. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 pamodzi ndi Vimbuza wa Atumbuka, waima pa chinsinsi: za kudambwe sizikambidwa pabwalo, ndipo chimene chatuluka kudzavina ndi chilombo, palibe amene amafunsa dzina lina. Anthu a kwa Mwase amene amapita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kumapeto kwa August, amaona gule wochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, ndipo lamulo la kusaulula ndi limodzi kwa onse. Kubisa kotere kuli ndi nthawi yake yovundukula. Mwana akakula amalowa, amauzidwa, ndipo nayenso amasunga.

Ngakhale nyumba yotchuka ya pa boma ili ndi kankhani ka dzina lobisika. Castle Hotel, imene bwanamkubwa wachitsamunda Errol Button anamangitsa cha m'ma 1950, amati inapatsidwa dzina loti Rumpelstiltskin, la kamunthu ka m'nthano ya ku Germany kamene mphamvu zake zonse zinali pa kubisa dzina lake.

Tsono kubisa koipa kumatchedwa chiyani?

Apa ndi pamene maso ndi kubisa zimakumana. Wonyenga amaphimba anthu m'maso, kapena amawamata phula m'maso. Ndipo pali liwu limodzi lakuthwa kwambiri, chiphamaso, chinthu chimene chimapha maso a wina. Ntchito yachiphamaso ndi khoma lopakidwa laimu kutsogolo kokha chifukwa kukubwera alendo. Chikondi chachiphamaso chimathera pamaliro, katundu akamagawidwa.

Alimi a ku Lundazi, dera limene limatulutsa chimanga, mtedza, soya, thonje ndi mpendadzuwa wambiri, amalidziwa liwuli kudzera pa sikelo. Nyengo yokolola vendala amakoleka sikelo yake pamtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Mlimi wabwera ndi thumba panjinga, amalikweza yekha pa mbedza, maso ali pa muvi. Muvi ukuyenda iye akuona, nambala akuiwerenga, ndalama akuwerengera m'manja mwake. Ngati sikeloyo inakonzedwa mwachinyengo, makilogalamu angapo apita dzuwa likuswa mtengo, mwini wake ali maso. Akadzazindikira sanena kuti ndinali wakhungu. Amati anandiphimba m'maso.

Kusiyana kumeneku n'kofunika. M'mawu onsewa mlandu uli pa wophimbayo, womata phulayo, wakupha masoyo. Wonyengedwa maso ake ndi abwinobwino. Ndipo munthu wonena zoona mosapsatira, manyuzipepala a ku Malawi amakonda kumulemba kuti sanabise Chichewa, ngati kuti chilankhulo chenichenicho ndi chimene chimabisidwa munthu akayamba kuzungulira.

Nanga Chingerezi chimene ana amaphunzira chimachita bwanji ndi liwu lake?

Chimalitambasula kwambiri, mpaka kusokoneza wophunzira. M'Chingerezi blind ndi munthu wosaona, komanso ndi chinthu chimene sichioneka kapena chimene chimatchinga. Pamsewu wa makilomita pafupifupi 180 wochokera ku Chipata kupita ku Lundazi, dalaivala akafika pokhota pamene saona zimene zikubwera amati ndi blind corner, chonsecho kona ilibe maso. Chotchinga dzuwa pawindo la ofesi ndi blind. Kachisakasa kobisalamo poonera nyama, ngati timene timamangidwa m'malo a alendo ku chigwa cha Luangwa, Angerezi amati hide pamene Aamerika amati blind. Poyesa mankhwala atsopano, ngati wodwala ndi dokotala yemwe sakudziwa amene walandira mankhwala enieni, kafukufukuyo amatchedwa double-blind, ndipo kumeneko kusadziwa ndi kumene kumateteza choonadi.

Angerezi ali ndi chining'a chonena za kulozetsa diso lakufa ku chinthu, kutanthauza kunyalanyaza dala. Amachilumikiza ndi Horatio Nelson, mkulu wa asilikali a pamadzi amene anali ndi diso limodzi lowonongeka. Amasimba kuti pa nkhondo ya ku Copenhagen mu 1801 anaika choonera patali pa diso losaonalo kuti asaone mbendera yomulamula kubwerera. Mchewa pa zoterezi amangoti anatsinzina dala, kapena anayang'ana kumbali, osakokeramo wosaona. Dzina loti Cecilia, lofala m'mipingo ya Katolika ya m'chigawochi, akatswiri amalilumikiza ndi liwu la Chilatini caecus, lotanthauza wosaona.

Palinso blind spot, ndipo iyi ndi nkhani ya thupi la munthu aliyense. Kumbuyo kwa diso, pamene mtsempha wopita ku ubongo umatulukira, palibe timaselo tolandira kuwala. Wasayansi wa ku France Edme Mariotte anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1660. Mwana wa sukulu akhoza kudziyesa yekha. Ajambule kamtanda kumanzere kwa pepala ndi kadontho kumanja, motalikirana ngati kutalika kwa chala. Atseke diso lamanzere, diso lamanja liyang'ane kamtanda, ndipo azisendeza pepala pang'onopang'ono kufupi ndi nkhope. Pena pake kadontho kaja kamazimiririka, pamalopo pamangooneka pepala loyera. Ubongo umadzaza mpatawo mwakachetechete tsiku lililonse, ndipo mwini diso sadziwa.

Bwanji masiku ano pawailesi amakonda kunena kuti wosaona m'malo mwa wakhungu?

Chifukwa liwu lakale lija linasenzetsedwa katundu amene si wake. Paguwa, pamsonkhano wa ndale ndi pokangana, khungu lakhala likutanthauza umbuli, kuuma mtima ndi kupusa. Munthu wosaona amene wakhala pa benchi m'tchalitchi amamva dzina la chilema chake likugwiritsidwa ntchito potchula tchimo la anthu openya. Izi n'zopweteka, ndipo n'zopanda chilungamo, makamaka poti Chichewa chili kale ndi umbuli, liuma ndi chiphamaso, mawu amene amaloza mwini mlandu. Mwambi wakale unkamudziwa bwino munthuyu: wakhungu akati ndikugenda, ndiye kuti waponda mwala. Mwambiwo ukunena za munthu wochenjera amene salankhula asanatsimikize.

Liwu loti wosaona, kapena munthu wa vuto losaona, limangonena chimene chilipo. Ku Zambia lamulo la anthu olumala la 2012, Persons with Disabilities Act, limaletsa tsankho pa maphunziro ndi pa ntchito. Koma kusintha liwu pakokha sikutulutsa mwana m'nyumba. Kubisa koopsa kuposa konse m'nkhaniyi ndi kwa banja limene limabindikiritsa mwana wosaona kuchipinda alendo akabwera, poopa manyazi kapena manong'onong'o a ufiti. Kwina ndi kubisa diso lodwala, kumalithira madzi a zitsamba mpaka litaphulika chilonda, n'kupita kuchipatala mochedwa.

Khungu lambiri limapeweka. Matenda a trachoma, amene amafala ndi ntchentche, manja ndi nsalu zopukutira kumaso, amapinda chikope mpaka tsitsi lake limakanda diso. Kusamba kumaso, zimbudzi, mankhwala a azithromycin ndi opaleshoni yaing'ono ya chikope zimawagonjetsa, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linavomereza kuti Malawi, tsidya lina la chipata cha Lusuntha, wathana nawo monga vuto la dziko. Katemera wa chikuku ndi vitamini A zimateteza maso a ana. Ku Zambia shuga wa m'sitolo wakhala akuthiridwa vitamini ameneyu kuyambira 1998.

Nanga mwana amene sadzaonanso amapita kuti?

Chigawo cha Kum'mawa chili ndi mbiri yonyaditsa pa funso limeneli. Sukulu yoyamba ya osaona m'dziko lonse la Zambia inayambira ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1905. Anaiyambitsa ndi Issie Hofmeyr wa mishoni ya Dutch Reformed Church, imene inafika pamalopo mu 1899, ndipo iye atamwalira Ella Botes anapitiriza ntchitoyo. Sukuluyo ilipo mpaka lero. Kutsidya, ku Malawi, kuli Chilanga ku Kasungu ndi Ekwendeni ku Mzimba, maboma amene amachita malire ndi dera la Lundazi.

Kumeneko ana amaphunzira zilembo zimene Louis Braille wa ku France, amene anasiya kuona ali wamng'ono atadzivulaza ndi chida cha bambo ake, anakonza mu 1824 ali ndi zaka 15. Chilembo chilichonse chimapangidwa kuchokera pa timadontho 6, titatu kumanzere, titatu kumanja. Mwana amapanikiza pepala lolimba m'kachitsulo kapena kapulasitiki ka timabowo, amagwira kachisongole, n'kuyamba kuboola kuchokera kumanja kupita kumanzere, chifukwa akulemba kumsana kwa pepalalo. M'kalasi mumangomveka kuti tho tho tho, ngati nkhuku zikujompha chimanga pa lichero. Akamaliza amatulutsa pepala, amalitembenuza, ndipo timabowo tija tasanduka timatuza. Amayala manja onse awiri pamwamba pake, n'kuyamba kuwerenga mokweza zimene walemba, kuchokera kumanzere, ndi khungu la kunsonga za zala zake.